Muvi Woloza ku Fuenseca

Lolemba, 5 Meyi

Ndayamba lero. Zikwangwani 31 pa mtunda wa makilomita 62, ndipo zonse zikhale zitaima bwino pofika Lamulungu pa 18, tsiku lobwera anthu a njinga. A khonsolo akuti alembetsa kale anthu 70, ena ochokera ku Valencia. Anthu 70, m'njira yomwe ine ndimapalasa tsiku lathunthu osakumana ndi munthu ndi mmodzi yemwe!

Mwamuna wanga Leandro anandipeza ndikumangirira sipanala ndi kathumba ka mabawuti pa njinga. Akuti, "Nieves, zaka 49, mawondo olira ngati chitseko cha tchalitchi, koma iwe ndi amene wavomera ntchito yomwe anyamata akana." Ndinamufunsa kuti anyamata ake ati, poti m'Torrecierzo muno mnyamata watsala ndi iyeyo, wa dazi lakelo. Anaseka mpaka kutayira khofi pa kauntala. Iye ndi bala yake, ine ndi fumbi langa.

Ndatsata njanji yakale ya ku mgodi. Zitsulo anazula kalekale, patsala timiyala tokhatokha, tayala limangoti tswatswatswa. Mphepo ya kumpoto kumaso njira yonse, tirigu wobiriwira akuwerama uku ndi uku. Miimba isanu pamwamba pa thanthwe la pa km 11. Galimoto palibe. Munthu palibe. Ndi zomwe ndimakondera njira iyi.

1 mpaka 16 ndaona. Zonse zili bwino kupatula 14, cha pa mphambano. Muvi wake uyenera kuloza kumanzere, kutsata njanji. Ndaupeza ukuloza kumanja, ku kanjira kotsetsereka kopita ku Fuenseca, bwinja lomwe anthu anasamukapo ine ndisanabadwe. Bawuti inali yokhwefuka. Mphepo, mwina. Ndabweza, ndamanga.

Lachiwiri, 6 Meyi

14 chatembenukanso.

Popita ku zikwangwani za kutsogolo ndiyenera kudutsa pomwepo tsiku lililonse, km 18 kuchokera kunyumba. Ndinafika cha m'ma 9, muvi uli phee kuloza ku Fuenseca. Dzulo ndinamanga ndi manja anga omwewa mpaka chala kutuluka thuza. Mphepo simasula bawuti.

Ndaboola thabwa, ndaika yachiwiri. Ndili mkati mogwira ntchito ndinangoleka, msana wonse ukundiuza kuti wina akundiyang'ana. Ndinacheuka. Tirigu, njira, ndi khola lakale la nkhosa lija, la miyala, denga linagwera mkati. Basi. Chomwe ndinazindikira n'chakuti timbalame timene timalira m'tirigu tinali titakhala chete, tonse. Ndinafuula, "Kuli munthu?" Mawu anga omwe anandichititsa manyazi.

17 mpaka 22 zili bwino. Tayala lakumbuyo linaphwa pa km 30, minga. Ndadya buledi ndi tchizi nditakhala pakhomo pa mphanga ya sitima, mpweya wozizira ukutuluka mkatimo ngati wa m'firiji. Pobwerera ndinadutsa pa 14 mwaliwiro, osayang'ana kumbali. Chibwana chokhachokha.

Lachitatu, 7 Meyi

Lero za mphepo zatha.

Muvi ku Fuenseca. Mabawuti onse awiri amasulidwa, koma sanatayidwe ayi. Wina anawaika pa mwala wosalala patsinde pa mzati, moyandikana, iliyonse ndi kanati kake pambali, ngati mmene timayalira mipeni ndi mafoloko patebulo la alendo. Thabwa analimanga ndi waya wakale wadzimbiri, mfundo yake yaukhondo.

Wakuba sachita choncho. Wowononga sachita choncho.

Pafumbi pali mapazi. Nsapato yaing'ono, kuponda pafupipafupi, phazi limodzi lokhwekhwereza, ndi kadzenje ka ndodo pambali. Akuchokera kumusi, akubwerera kumusi.

Nditaona za ndodozo ndinathamangira kwa a Fermín. Ndi mbusa yekhayo watsala chigawo chino, ndipo anthu a njinga sawafuna, akuti amabalalitsa nkhosa. Ndinawapeza kuseri kwa chitunda, atatsamira ndodo yawo.

Ndinati, "A Fermín, ngati njinga zikukunyansani kauzeni a khonsolo. Ine ndalakwanji?"

Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako n'kukweza phazi. Jombo ngati bwato. "Iwe Nieves, phazi limene waliona ndi ili? Ine kuti ndikwiye ndi kathabwa kakoko ndingakasonkhezere moto, osati kukayalira patebulo."

Zoona. Ndinapepesa. Ndinawafunsa ngati aona munthu kumusi.

"Kumusi uko sindifikako. Nkhosa zimadya mpaka pamtsinje, basi. Koma agalu anga sabata ino akundidabwitsa. Akafika pamtsinje amangokhala pansi n'kumayang'ana kutsidya."

"Mwina nguluwe."

"Nguluwe amaiuwa. Ichi sakuchiuwa."

Ndamasula waya, ndabweza mabawuti. Pochoka ndinadzigwira ndikuyala waya uja bwinobwino pa mwala womwewo, ngati ndikubweza chinthu cha mwini. Mawa nditenga misomali.

Lachinayi, 8 Meyi

Ndikulemba ndili kukhitchini.

Unali utatembenukanso, waya yemweyo, mfundo yomweyo. Ndinati lero ndikaone ndi maso. Ndi km 2 basi. Ndinatsetsereka mabuleki ali m'manja, miyala ikugubuduka pansi pa matayala. Mlatho wa pamtsinje unagumuka theka, ndinawoloka njinga ili paphewa. Kutsidya udzu wafika m'chiuno, koma pakati pake pali kanjira katsopano, kopondedwa ndi munthu mmodzi.

Ku Fuenseca ndinapitako komaliza ndili mtsikana, tikuyesana mtima ndi anzanga. Sikunasinthe. Nyumba zopanda madenga, mikuyu ikumera m'zipinda, nsanja ya tchalitchi ili ndi chibowo pomwe panali belu, lomwe linabedwa kalekale. Ndinaima pa khoma loyamba. Dzuwa paliwombo, kuwala konsekonse, ine mantha ngati mwana.

Utsi. Wochepa, wowongoka, ukutuluka pa chumuni cha nyumba yomaliza kumtunda, yokhayo yomwe ikadali ndi denga. Pa chingwe pakati pa mitengo iwiri pali chovala chogonera cha mzimayi, choyera, chonyowa, madzi akudontha. Kumusi kuja mphepo sifika, ndiye chimangolendewera osagwedezeka, manja ake ali pansi.

Kenako mawu. Sindikudziwa ngati kunali kuimba kapena kubuula. Ankakwera, n'kuduka, n'kuyambiranso pomwe paja. A mzimayi, ndikuganiza. Pansi pake panali ena, a mwamuna, otsika, obwereza chinthu chimodzimodzi.

Ndinatembenuka. Sindinaganize n'komwe, thupi linangochita lokha. Pamtsinje ndinagwa, bondo lasupuka. Nditafika pamtunda ndinadula waya uja, ndinabweza muvi kumanzere, n'kukhoma misomali inayi ndi mwala, mwamphamvu, ngati ndikutsekera chilombo m'nyumba.

Mwamuna wanga L. akuti, "Ndi aja olowa nyumba za eni, kapena olima chamba. Osabwererakonso wekha, wamva? Lolemba apolisi akabwera kudzamwa khofi ndiwauza." Kenako akunditsuka bondo n'kumaseka: "Mizukwa ya masiku ano imachapa zovala?" Ndinaseka naye.

Za utsi ndamuuza. Za chovala ndamuuza. Za mawu aja ayi. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachisanu, 9 Meyi

Mvula tsiku lonse, njira ndi matope okhaokha. Sindinapite. Mtima wapepuka kuti sindinapite, ndipo chimenecho ndi chomwe chikundinyansa.

Loweruka, 10 Meyi

Lero sindingathe. Mawa.

Lamulungu, 11 Meyi

Za dzulo. Ndilembe momwe zinayendera, mwina zingachoke m'mutu.

Ndinafika pa 14 cha m'ma 10. Muvi uli momwe ndinausiyira, kumanzere, misomali inayi ili nji. Ndikanayenera kusangalala. Koma m'mbali mwa thabwa munali zipsera zatsopano, pomwe wina anayesa kukanula ndi chitsulo n'kulephera. M'matope munali mapazi aja, ozama, a Lachisanu. Anabwera mvula ili mkati. Pamalo ena panali chidindo cha bondo ndi cha chikhatho, zala zonse zisanu, pomwe anagwa.

A Fermín anali chapafupi ndi nkhosa. Tisanapatsane n'komwe moni kunamveka kulira kwa chitsulo kuchokera kumusi. Ngo. Ngo. Kenako zii, nthawi yaitali. Ngo. Ngo. Agalu onse awiri anagona pansi.

Ndinati, "Ku Fuenseca kulibe belu."

A Fermín anavula chipewa. Moyo wanga wonse sindinawaonepo opanda chipewa, mutu woyera ngati dzira. Anati, "Kulibe. Koma woimbayo kaimbidwe akukadziwa. Likamalira katatukatatu, wamwalira ndi mwamuna. Likamalira kawiri n'kupuma ngati apa, wamwalira ndi mkazi." Anandiyang'ana. "Tsogola, wamiyendo yozungulira ndiwe. Ine nditsekere izi m'khola, ndikupeza."

Ndikanakhala ndekha kaya ndikanapita. Ndilembe zoona: ndinapita chifukwa a Fermín ankandiyang'ana.

Pabwalo la patsogolo pa tchalitchi panali nkhalamba yaing'ono thupi, itavala jekete la suti, thalauza lili ndi matope ouma mpaka m'mawondo. Pa sitepe ya tchalitchi inali itaimika silinda ya gasi yopanda kanthu, n'kumaimenya ndi hamala. Kawiri, n'kudikira, milomo ikuwerenga. Inandiona, koma sinaleke mpaka inamaliza. Kenako inaika hamala pansi bwinobwino, n'kukonza kolala.

"Mwabwera. Ndine Eusebio, wa nyumba ya kumtunda iyo. Mkazi wanga Adoración watisiya m'mawa uno, dzuwa litangotuluka. Mundikhululukire, khofi watha, ndilibe chokupatsani."

Ananditsogolera, ndodo m'manja, phazi lamanzere likukhwekhwereza. Ine pambuyo ndikukankha njinga, ndikuyang'ana mapazi omwe ndawayang'ana sabata yonse akupangika pamaso panga.

M'nyumba mosesedwa. Mbale ziwiri, makapu awiri, mbaula yozima. Kuchipinda zenera lili lotsegula kuyang'ana kuminda. Mayiwo anagona pabedi lachitsulo, osambitsidwa, tsitsi lopesedwa, chibwano chomangidwa ndi mpango, atavala chovala choyera chija. Ang'onoang'ono ngati mwana wa sukulu. M'manja tizitsamba tonunkhira ta m'phiri. Patebulo mabokosi a mankhwala ali pamzere, onse opanda kanthu.

Anandifotokozera ataimirira, ngati akupereka lipoti. Amakhala ku Zaragoza kuyambira pomwe mudzi unatha. A Adoración anabadwira m'chipinda chomwecho. Madokotala anati khansa yafalikira, agonekedwe m'chipatala, iwo anakana. Masabata awiri apitawo anakwera basi, kenako takisi mpaka pa mlatho wogumukawo, ndi zakudya ndi gasi. Mwana wawo yekhayo, wamkazi, Milagros, amakhala ku France. Anamuuza kuti akupita ku akasupe a madzi otentha ndi gulu la okalamba, asavutike n'kuimba foni.

"Masiku oyamba anali abwino," akutero. "Ankakhala pakhomo, n'kumanditchulira mayina a minda. Mankhwala oletsa ululu ndi amene anatithera msanga. Lamulungu lapitali."

Lamulungu. Lolemba ndi pomwe ndinapeza muvi utatembenuka koyamba. Ndinawerengetsa ndili chiimire pomwepo.

Kumusi kulibe netiweki, ndinakwera mpaka pamphambano kukaimba. Sindikumbukira chitunda chimenecho. Pobwerera ndinapeza a Fermín atakhala nawo pakhomo, akuwamwetsa vinyo wa m'thumba lachikopa, akuwabenthulira buledi. "Ndinu a Eusebio aja a uvuni wowotchera laimu? Bambo anga ankakutchulani. Ankati munali ouma mutu." Iwo: "Bambo ako ndiwo anali ndi mutu ngati mwala wa mphero." Anamwetulirana pang'ono.

Apolisi anafika cha m'ma 2, ndi dokotala, kenako ena a galimoto ya maliro. Anawolotsa thupi pa machira, anthu anayi, madzi m'mawondo. A Eusebio anatseka chitseko ndi kiyi, n'kuyesa kawiri ngati chatsekeka.

Tsopano ali m'chipinda chathu cha pamwamba. L. ananena yekha kuti munthu ameneyu sangakagone ku hotela. A Eusebio sanandifunse chilichonse. Koma pamene ndinkavula jekete langa lofiira, lomwe ndimavala pa njinga, analiyang'ana nthawi yaitali.

Lolemba, 12 Meyi

Milagros wafika masana, atayendetsa galimoto kuchokera ku France osapuma. Msinkhu wanga. Anali atayamba kale kuwafunafuna Lachisanu, ataimba ku akasupe kuja n'kumva kuti mayina awo kulibe. Analowa mu bala maso ali gwa, anthu akudya.

"Bambo, mwandinamiza! Mayi anga kufera pa bwinja ngati galu, ine ndili ndi foni m'manja usana ndi usiku!"

Iwo anaimirira. "Afera pabedi pawo, mwana wanga."

Anawamenya pachifuwa ndi zibakera, kamodzi, kawiri, kenako n'kuwakumbatira, onse awiri kutsala pang'ono kugwa. L. anazimitsa wailesi ya kanema. Palibe anamaliza chakudya chake.

Dokotala uja anabweranso kudzawayeza chifuwa a Eusebio, akutsokomola chifukwa cha mvula ya Lachisanu. Ndinamuperekeza ku galimoto n'kumufunsa ngati nkhani wamba: munthu akanafikako Lolemba kapena Lachinayi, zikanasintha? Anati, "Kuchira sakanachira. Koma masiku omalizawo sakanawamva choncho. Pali jakisoni." Ananena mwaulemu, sakudziwa kanthu. Ndinafunsa ndekha, ndalandira ndekha.

Ndamuuza L. za mawu aja. Anali akupukuta matambula. Anapukuta imodzi yomweyo mpaka ndinamulanda. Akuti, "Ine ndinaseka, Nieves. Ndinati tidikire Lolemba." 

Lachiwiri, 13 Meyi

23 mpaka 31 ndamaliza. Km 62, miyendo ikuzungulira yokha, mutu uli kwina. Njira yomwe ija, tirigu yemwe uja, koma bata lake lasintha. Kale ndinkati kulibe munthu. Lero nyumba iliyonse yakugwa yomwe ndadutsa ndimayang'ana pa chumuni.

Pa 14 ndinatsika. Ndinalowa m'khola la miyala lija, sindinalowemo chiyambire. Kuseri kwa khoma kuli mwala wokhalapo, udzu wophwanyika, ndi mpata pakati pa miyala, waung'ono ngati chikhatho. Ndinagwada n'kusuzumira. Mzati wonse ukuoneka. Mapazi khumi, osapitirira.

A Eusebio akudya pang'ono. Amakhala pazenera. Ndikalowa ndi supu amaimirira n'kunena kuti, "Zikomo, mayi." Ndikanakonda atandikalipira.

Lachitatu, 14 Meyi

Chilolezo chatuluka, a Adoración aikidwa ku Fuenseca mawa. Milagros anayamba wakana, kenako anati, "Afika kale, ndiwabwezerenji." L., a Fermín ndi amuna ena awiri apita ndi mapiki kukakumba, akuti pansi ndi thanthwe lokhalokha. Ayala matabwa pa mlatho. L. wabwera manja ali matuza, sanadandaule ngakhale kamodzi, zomwe si zake.

Lachinayi, 15 Meyi

Ndinapita pa njinga, ena pa galimoto mpaka pamtsinje. Ndinawerenga anthu 26. Sindikudziwa kuti uthenga unayenda bwanji, koma kunabwera nkhalamba za ku Zaragoza, za ku Barcelona, zobadwira momwemo, zina zochita kunyamulidwa powoloka. Ankayenda m'kanjira akuloza: apa panali uvuni wa buledi, apa sukulu, apa ndi pomwe bulu wa uje anandiponda. Mayi wina anaima pa khomo lopanda nyumba n'kugogoda pa mwala. Wansembe anafulumira, mphepo inkamutsekera buku.

Titamaliza anthu anayamba kutsika. A Eusebio anauza Milagros kuti atsogole. Kenako: "Mayi a njinga, tatsalani pang'ono."

Tinakhala pa khoma la manda, awiri. Anayang'ana manja awo.

"Ndinakuonani katatu. Ndinkakhala kuseri kwa khola lija. Mumagwira ntchito bwino, koma mabawuti mumamangitsa."

Ndinati, "Agogo, bwanji simunatuluke? Ndinafuula."

"Ndinamva. 'Kuli munthu?' Ndinadziluma dzanja." Anandionetsa, m'mbali mwa chala chachikulu muli tizipsera takuda. "Adora anandilumbiritsa tsiku lomwe tinafika, dzanja langa lili pamanda a amayi ake apa. Kuti zivute bwanji, sindidzaitana munthu. Ankadziwa kuti akabwera amutenga. Zaka 58 sindinamuphwanyirepo mawu. Koma mankhwala atatha, mwana wanga, zomwe ndinkamva m'chipinda muja..." Anabweza dzanja lawo. "Ndinakumbukira kuti pobwera ndinaona chikwangwani chatsopano pamtunda. Ndinati chinthu chatsopano chili ndi mwini wake, adzabwera kudzachiona. Ndiye ndinati sindiitana. Ndingotembenuza thabwa. Thabwa si pakamwa. Wobwera abwere yekha. Iye akagona m'mawa ine ndinkakwera."

Mphepo inali ikukankha maluwa pa mtumbira. Kumusi zitseko za galimoto zikutsekedwa.

"Chinthu chimodzi chikundisowetsa tulo, ndipo wondiyankha ndinu nokha, poti thabwalo linkalankhula ndi inu. Ndiuzeni zoona. Ndinaitana, kapena sindinaitane?"

Yankho losavuta linali pakamwa kale. Simunaitane, agogo, ine ndinangoona thabwa lokhwefuka. Iwo akanatsala ndi lumbiro lawo, ine ndikanatsala woyera. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimenezo, koma anali akundiyang'ana.

Ndinati, "Munaitana. Ndinamva. Lachinayi lapitali ndinafika mpaka pa khoma ilo. Ndinaona utsi, ndinaona chovala pa chingwe, ndinawamva mayi akubuula. Ndinathawa. Misomali ija ndinakhoma ndikudziwa kuti kuno kuli anthu."

Anayang'ana ku mtumbira.

"Lachinayi masana," akutero. "Kumene kuja sikunali kubuula. Kunali kuimba. Mawu anali atamuthera, koma kunali kuimba. Ululu ukafika ankayamba nyimbo ya pokolola, ine n'kumamuyankha, poti ndimadziwa mzere umodzi wokha."

Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi, sindinabise. Iwo anadikira.

Kenako anati, "Ndiye ine ndinaphwanya lumbiro. Inu munathawa. Iye n'kufera pabedi pomwe ankafuna, zenera lili lotsegula." Anatulutsa kaphokoso, ndinayesa chifuwa chija, koma kunali kuseka, maso ali onyowa. "Zaka 58. Mkazi ameneyu sindinamupambanepo mkangano ngakhale umodzi."

Anafufuza ndodo, inali itagwera kuseri kwa khoma. Ndinati ndikatole, anati isiyeni. Anandigwira mkono.

"Tiyeni. Pang'onopang'ono, phazi ili."

Tinatsika pakati pa nyumba zakugwa zija. Dzanja lawo ndi lopepuka ngati la mwana, koma linandigwira zolimba mpaka pamtsinje. Milagros anali kutsidya, atatambasula dzanja kuti awalandire pa matabwa. Anampatsa lamanzere. Lamanja silinandisiye.